Rauta ya m'manja ndi rauta ya kompyuta: ngozi yake imabisala pati?

Munthu woyenda pansi kuchokera ku Chinyonga kupita ku Chichiri amadutsa pakati pa mitundu iwiri ya umisiri wa matabwa. M'makwalala a kuno, monganso ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa, muli mashedi a akalipentala momwe mumatuluka mabedi, zitseko, makabati ndi mabokosi a maliro. Mizere yokongola ya m'mphepete mwa tebulo ndi maluwa a pachitseko amazigoba ndi rauta ya m'manja, kamakina kolira mogonthetsa m'khutu kamene mmisiri amakagwira ndi manja awiri n'kumakayendetsa pathabwa. Chapafupi pomwepo pali sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe mpaka 2021 tinkaitchula kuti Polytechnic. Mu 2016 sukuluyi, mothandizana ndi Rice University ya ku America, inatsegula Design Studio, chipinda chomwe ophunzira amabwerekana makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo m'nyengo ya Covid-19 mu 2020 munkapangidwa zishango zotchinga kumaso za ogwira ntchito m'zipatala. Pambuyo pake panabweranso malo ena otere otchedwa UniPod, mothandizidwa ndi UNDP. M'malo a mtundu umenewu, komanso m'makampani olemba zikwangwani ndi opanga makabati a m'khitchini, ndi momwe rauta ya kompyuta, imene amisiri amangoti CNC, ikulowera m'dziko muno.

Makina awiriwa ndi a pachibale. Onse amadula ndi kachitsulo kakuthwa kamene amisiri amati biti, kozungulira kawirikawiri maulendo pakati pa 18,000 ndi 24,000 pa mphindi imodzi, kutanthauza maulendo okwana 400 pa sekondi ikakhala pa liwiro lapamwamba. Kusiyana kwake kuli pa amene akuyendetsa bitiyo. Pa rauta ya m'manja ndi mikono ya munthu. Pa CNC thabwa limagona patebulo lalikulu, kawirikawiri lokwana bolodi yathunthu ya mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi, ndipo mainjini ang'onoang'ono amakankha biti kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo, m'mwamba ndi pansi, motsata manambala amene munthu analemba pa kompyuta. Nzeru imeneyi si yatsopano. Makina oyamba odula chitsulo motsata manambala anawaonetsa ku MIT, ku America, mu 1952, ndipo malangizo ake ankakhala pa tepi yoboolaboola. Chatsopano n'chakuti kuyambira zaka za m'ma 2000 makinawa anatsika mtengo, natuluka m'mafakitale a ndege n'kulowa m'zipinda zomwe anthu wamba amagawana.

Anthu ambiri akaona CNC ikugwira ntchito amafulumira kunena kuti ngozi yatha, popeza manja a munthu ali kutali ndi biti. Mbali ina akunena zoona, ndipo sitiyenera kuipeputsa. Rauta ya m'manja imayendetsedwa zala zili pafupi kwambiri ndi pamene pakudulidwa. Ukaiyendetsa motsatira kumene biti ikuzungulira, m'malo molimbana nayo, imadzikoka yokha n'kuthawa m'manja. Ikakumana ndi mfundo ya paini kapena msomali wobisika imalumpha. Wina amagwira kathabwa kakang'ono ndi dzanja lamanzere, rauta kudzanja lamanja, chifukwa kilampu kulibe kapena akuthamangira kuti mwini katundu wafika. Wina amasintha biti chingwe chili chilumikizire kumagetsi. Zala zambiri za amisiri zimene zimakasokedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth zimavulala mwa njira zotere, pa rauta, pa sowo ndi pa makina opalira matabwa. Pa nkhani ya zala, CNC yoyendetsedwa bwino ndi yabwino kuposa inzake, ndipo palibe chifukwa chotsutsira.

Koma rauta ya m'manja ili ndi khalidwe limodzi labwino lomwe CNC ilibe: imauza thupi la mmisiri zimene zikuchitika. Biti ikabuntha, mikono imamva kulemera. Thabwa likayamba kupsa, fungo limafika pamphuno nthawi yomweyo chifukwa nkhope ili pamwamba pake penipeni. Mlombwa wouma ndi mbawa zimakana mosiyana ndi paini wa ku Chikangawa, ndipo dzanja limachepetsa liwiro lokha mutu usanaganize n'komwe. China chikalakwika, mmisiri amatukula makina kapena kuzimitsa, ntchito n'kuima. Amene akuyendetsa, amene akumva, ndi amene angaimitse ndi munthu mmodzi yemweyo, pa nthawi imodzi yomweyo. Mnyamata amene waphunzira ntchito pansi pa amisiri kwa zaka ziwiri kapena zitatu amakhala ndi luso limeneli m'mikono, ngakhale sangathe kulifotokoza.

CNC simva kalikonse. Sidziwa ngati patebulo pali thabwa, kilampu ya chitsulo kapena dzanja la munthu. Ikauzidwa kuti itsike mamilimita 60 pamene wolemba amafuna kunena 6, itsika ndithu, n'kuboola thabwa ndi tebulo lomwe. Choncho ngozi yake siyambira pa nthawi yodula. Imayambira kale, mwina dzulo usiku pa laputopu, pamene munthu analemba nambala yolakwika, kapena pamene anajambula m'mainchi makina n'kuwerenga m'mamilimita. Imayambiranso pa nthawi youza makina pomwe pali poyambira, makamaka kutalika kwa pamwamba pa thabwa. Ukasintha biti n'kuiwala kuyezanso kutalikako, biti yayitali imalowa mwakuya kuposa muyezo, ndipo biti za chitsulo cholimba cha kabaidi sizipindika, zimathyoka n'kuuluka. N'chifukwa chake amene amawadziwa makinawa, akakhala ndi chojambula chatsopano, amayamba ayendetsa biti m'mwamba osakhudza thabwa, maso ali panjira yake, kuti aone ngati ikupita kumene iwo akuganiza. Zimadya mphindi zingapo chabe. Ndi mphindi zimenezi zomwe munthu amene mnzake akumudikira pamzere amafuna kuzilumpha.

Kumanga thabwa ndiye pamene pamagona nkhani yaikulu. Wa rauta ya m'manja thabwa likagwedera amaliona n'kulikonza. Pa CNC mphamvu yokankha m'mbali ndi yaikulu moti bolodi yomwe yangoikidwa popanda kumangidwa imatsetsereka, ndipo kachidutswa kamene kadulidwa kuzungulira konse kamamasuka, kukodwa ndi biti, n'kuponyedwa kudutsa chipinda chonse. Amisiri amasiya timilatho ting'onoting'ono tolumikiza chidutswacho ndi bolodi, n'kudzatidula ndi tchizulo makina ataima. Akamanga ndi masikuluwu amaonetsetsa kuti ali kunja kwa njira ya biti. Ndipo matabwa akale, a mapaleti kapena ogumula padenga, omwe ife timawakonda chifukwa chotsika mtengo, ayenera kusechedwa mosamala kwambiri ngati ali ndi misomali asanafike patebulo. Kathabwa kakamasuka makina akuyenda, mtima umati ukagwire msanga ntchito isaonongeke. Apa ndi pamene dzanja, lomwe linali kutali bwinobwino, limabwerera kukafika pomwe pali biti.

Palinso moto, ngozi yomwe pa rauta ya m'manja siichitika kawirikawiri koma pa CNC ndi yeniyeni. Biti ikamazungulira mofulumira koma ikuyenda pang'onopang'ono, kapena ikabuntha, imasiya kudula n'kumangopekesa. Utuchi wodzaza mumzere umatentha n'kusanduka khala. Chokokera fumbi chimakoka khalalo limodzi ndi mpweya, kukalisiya m'thumba lodzaza utuchi wouma, momwe lingathe kunyeka mwakachetechete mpaka anthu ataweruka. Ntchito ya CNC imatha kutenga ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo popeza makina akuyenda okha, munthu amakopeka kuti akagule chiwaya kapena akayankhe foni panja pomwe kulibe phokoso. Rauta ya m'manja sungaisiye ikugwira ntchito. CNC ungathe, ndipo kuthekera kumeneku ndi kumene kumaopsa. Lamulo lake lilibe kuchotsera: amene wayatsa akhale pomwepo mpaka biti itaima, ndipo akafuna kutuluka aimitse kaye makina. Chozimitsira moto chikhale pomwe dzanja lingachifikire, osati m'ofesi yokhoma.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamakhudza makina onse awiri ndi kachitsulo kofinya biti, kotchedwa koleti. Zipangizo zathu zimachokera kosiyanasiyana, ku South Africa, ku China, ku Britain, zina zatsopano zina zakaunjika. Biti ya mamilimita 6 ndi ya kota inchi zimaoneka zofanana ndi maso, koma kota inchi ndi mamilimita 6.35. Chimodzimodzi ya mamilimita 12 ndi ya hafu inchi, yomwe ndi 12.7. Biti ya 6 ukaiika m'koleti ya kota inchi imaoneka ngati yagwira, kenaka imasololoka pang'onopang'ono makina akuthamanga. Mmisiri wa shedi yake amadziwa biti zake zonse monga adazigulira. M'chipinda chogawana, momwe aliyense amabwera ndi biti yake m'thumba, ndi momwe zimasakanikirana.

Kuthima kwa magetsi kumawakhudza mosiyana. Tonse tikukumbukira m'mene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse. Pa rauta ya m'manja ngozi yake ndi yodziwika: magetsi athima, mmisiri waika makina pabenchi swichi ili chiyatsire, ndipo ESCOM ikabwezeretsa magetsi makinawo amadzuka okha n'kuyamba kuvina pakati pa anthu. Mankhwala ake ndi kuzimitsa swichi ndi kuzula pulagi nthawi yomweyo. Pa CNC vuto ndi lina. Biti imaima ili mkati mwa thabwa, ndipo makina ambiri a mtengo wotsikirapo amaiwala pamene anali. Amene angangodina batani loti ipitirize magetsi atabwera, osatukula biti ndi kubwezera makina poyambira pake, akhoza kuona biti ikudutsa pomwe sipanajambulidwe. Swichi yaikulu ya makina otere iyenera kukhala ya mtundu umene sudziyatsa wokha magetsi akabwera, ndipo pogula makina funso limeneli lifunsidwe asanalipire.

Pa fumbi ndi phokoso, chigamulo sichophweka. Kalipentala wa m'mbali mwa msewu amagwira ntchito pamtetete, mphepo n'kumamuchotsera fumbi lina, koma nkhope yake ili pafupi ndi pomwe fumbilo likutuluka, ndipo nthawi zambiri chomwe wavala ndi kansalu chabe. CNC imatulutsa utuchi wochuluka kuposa pamenepo, ndipo imakhala m'chipinda chotsekedwa momwe mulinso anthu ena amene sakudula kanthu. Ikakhala ndi chokokera fumbi chogwira bwino, imaposa shedi kutalitali. Chokokeracho chikafa, kapena thumba likadzaza osakhuthula, chipindacho chimaipa kuposa shedi. Fumbi la matabwa si lotsokomoletsa chabe: bungwe lofufuza za khansa la WHO linaliika mu 1995 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Bolodi ya MDF, yomwe opanga makabati amaikonda ndipo Raiply imapanga ku Chikangawa, imatulutsa fumbi losalala kwambiri losakanikirana ndi guluu wake. M'dziko momwe chifuwa chachikulu chikadalipo, mapapo a amisiri si chinthu choseweretsa. Phokoso nalo, pa makina onse awiri, limapitirira madesibelo 85, muyezo umene makutu amayamba kuonongeka munthu akaumva tsiku lonse, ndipo khutu likagontha motere silibwerera.

Kusiyana kwakukulu koposa sikuli m'makina, koma mu umwini wake. Rauta ya m'manja ili ndi mwini. Akudziwa kuti swichi yake imavuta, kuti chingwe chinalumikizidwa pakati, kuti biti iyi yatha. CNC ndi yodula moti kalipentala mmodzi wa ku Chinyonga sangaigule yekha, ndipo n'chifukwa chake njira yoti ifikire anthu wamba ndi kugawana. Kugawana makina si kwachilendo kwa ife. Ku chigayo aliyense amabwera ndi chimanga chake, koma amene amakhudza makina ndi mmodzi, wodziwa kulira kwake ndi nthenda zake. M'chipinda cha makina ogawana aliyense ndi woyendetsa chigayo kwa ola limodzi, kenaka amapita. Amene akubwera pambuyo amalandira makina m'mene mnzake wawasiyira: koleti yomangidwa mosalimba, sipanala yoiwalika pamwamba, sikuluwu yothyokera m'tebulo yosaoneka, poyambira posunthidwa. Moyo wake uli m'manja mwa munthu amene mwina sanakumanepo naye.

Apa ndipamene ndimaona kuti malamulo ena amene amaoneka anzeru amabala ngozi. Malo ambiri obwereketsa zipangizo amati waononga alipire. N'zomveka, chifukwa biti yabwino ndi yodula ndipo kawirikawiri imachita kuitanitsidwa kunja. Koma wophunzira kapena mmisiri wachinyamata amene wagunditsa biti pa kilampu, podziwa kuti akaulula alipira ndalama yomwe alibe, amaipukuta n'kuibwezera m'bokosi mwakachetechete. Biti yosweka mkati imadzathyokera wina mawa lake. Malo ogawana amene akufuna kuti anthu ake akhale amoyo ayenera kupanga kuulula kukhala kotsika mtengo kuposa kubisa. Mtengo wa biti ulowe m'ndalama yomwe aliyense amalipira pa ola, ndipo chilango chikhale cha wobisa, osati cha wothyola. Pakhale kope pambali pa makina momwe aliyense alembe dzina, nthawi, chimene wadula ndi chachilendo chimene wamva kapena kuona. Makina akakhala ndi vuto, pulagi izulidwe ndipo papachikidwe chikwangwani, chifukwa uthenga wapakamwa sufika kwa wobwera madzulo.

Nkhani ina ndi ya ulemu. CNC iliyonse ili ndi batani lalikulu lofiira loimitsira zonse mwadzidzidzi. Tinaleredwa kuti wamng'ono sadula mawu wamkulu, ndipo m'shedi wophunzira ntchito sangalande makina m'manja mwa amisiri. Akaona china amayamba ndi "Pepani amisiri," n'kudikira kuti atembenuke. Pa rauta ya m'manja ulemu umenewu suononga zambiri, popeza wogwira makina ndi amene amayamba kumva vuto. Pa CNC, amene waona utsi kapena bolodi ikusuntha akhoza kukhala mtsikana wa chaka choyamba, pamene woyendetsa ndi aphunzitsi ake kapena bambo amsinkhu wa atate ake, maso awo ali pa kompyuta. Masekondi amene angathe akuganiza m'mene angawauzire mwaulemu ndi okwanira kuti biti ithyoke. Akuluakulu a malowo ayenera kunena poyera, tsiku loyamba, kuti batani lofiira ndi la aliyense amene ali m'chipindamo, ndipo woimitsa makina molakwitsa sadzakalipiridwa. Mawu amenewa akachokera kwa wamkulu mwini, wamng'ono amalimba mtima. Akangolembedwa pakhoma, sadina.

Za zovala zimafanana pa makina onse awiri. Magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, ndi chotchinga pamphuno chosefa fumbi, osati kansalu. Malaya a manja olendewera, tayi, chingwe cha chiphaso cha m'khosi, chitenje chomasuka ndi tsitsi lalitali losamanga, zonsezi chozungulira chimazikoka. Magolovesi ndi onyamulira matabwa basi. Pafupi ndi biti yozungulira amakodwa n'kukokera dzanja lonse.

Ndikafunsidwa kuti ndani angayendetse CNC bwino pakati pa wophunzira wa uinjiniya ndi kalipentala wa ku Ndirande, ndimati aliyense ali ndi theka. Wophunzira amadziwa kujambula pa kompyuta ndi kuwerenga manambala, koma mwina sanamvepo m'manja m'mene bulugama wosauma amakanira, ndipo makina akasintha kulira iye samva kusiyana kwake. Kalipentala amamva ndi khutu kuti biti yabuntha, amadziwa kuti bolodi iyi ndi yopindika ndipo sigona bwino, koma nambala yolakwika pa sikirini sangaione. Ndikadakhala ndi mphamvu pa malo otere, ndikadati aliyense asanaloledwe pa CNC ayambe wagwira rauta ya m'manja kwa masiku angapo pansi pa mmisiri, kuti mikono yake idziwe mphamvu imene makinawo akubisa. Ndikadaitananso amisiri a m'mashedi kuti adzaphunzire mbali ya kompyuta pa mtengo umene angaukwanitse. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi yoyenera kulumikiza mbali ziwirizi. Safunsa anadya phula, koma kuti munthu afunse pafunika kuti womufunsayo akhale m'chipinda chomwecho.

Malamulo a dziko nawo sanafike bwino pa malo ogawana. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pa ntchito la 1997 limalamula kuti makina oopsa azitchingidwa ndi kuti ngozi zizinenedwa ku boma, ndipo lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 limanena zoyenera kulandira munthu wovulala pa ntchito. Onse awiri analembedwa poganizira wolemba ntchito ndi wolembedwa. Mnyamata wophunzira ntchito m'shedi popanda kalata iliyonse amakhala kale m'mphepete mwa chitetezo chimenechi. Munthu amene walipira ola limodzi kuti adule zitseko za kasitomala wake pa CNC ya gulu sanalembedwe ntchito ndi aliyense. Akavulala ndi biti imene wina anaimanga molakwika, mwini makina, woyang'anira chipinda ndi amene anagwiritsa ntchito m'mawa akhoza kumangolozerana zala iye ali m'chipatala. Aliyense amene akuganiza zotsegula malo otere ku Chinyonga, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, kaya ndi mpingo, gulu la achinyamata kapena amisiri osonkherana ndalama, alembe papepala makina asanafike kuti woyang'anira ndi ndani pa ola lililonse, amene ali ndi chilolezo choyatsa ndi ati, galimoto yothamangira ku chipatala ichokera kuti, ndipo wovulala amulipirira ndani.